Kupita ku Woudrichem pa bwato: malangizo a ulendo wa tsiku limodzi kapena awiri

Abale ambiri amene amafika ku Netherlands, kaya kudzaphunzira za madzi ku Delft, za ulimi ku Wageningen, kapena kudzacheza kuchokera ku Britain, masiku awo amathera mu Amsterdam. Amajambulitsa pa milatho, amagula tchizi, ulendo n'kuthera pomwepo. Sindikuwadzudzula. Koma wina akandifunsa kumene angapite kuti dzikoli alimvetse, ndimamulozera tauni yaing'ono ya Woudrichem, imene eni ake amangoitchula kuti Woerkum. Anthu ake sakwana 5,000, ndipo mbali yakale ya m'kati mwa linga mutha kuizungulira wapansi ola lisanathe. Komabe zonse zimene mungaone kumeneko, makoma, madoko, chakudya, ngakhale udzu wa kunja kwa linga, zili momwe zililimu chifukwa cha madzi. Ulendo wanga woyamba ndinalowera kumtunda pa basi, ndipo ndinangoona nyumba zokongola. Wachiwiri ndinafika pa bwato, m'pamene ndinazindikira chifukwa chake tauniyi inamangidwa pamalo amenewa. Inu musabwereze zanga. Tsatani njira iyi.

Choyamba: sankhani nyengo, ndipo onani nthawi ya mabwato musanachoke

Pitani pakati pa Epulo ndi Okutobala. Miyezi yozizira dzuwa limalowa cha m'ma 4:30 madzulo, mphepo ya pamtsinje imalasa mpaka m'mafupa, ndipo mabwato ena ang'onoang'ono sayenda. Pewani Lolemba chifukwa nyumba zambiri zosungiramo zakale zimatseka. Lamlungu nalonso lili ndi zake: dera la Altena, m'mene muli Woudrichem, ndi la anthu opemphera kwambiri, ndipo m'midzi yozungulira masitolo ambiri satsegula. Loweruka ndilo tsiku labwino.

Mabwato a pakati pa Gorinchem ndi Woudrichem amayendetsedwa ndi bungwe la Riveer. Onani ndandanda yawo usiku woti mawa mukunyamuka, ndipo lembani penapake nthawi ya bwato lomaliza. Tengani jekete losalowa madzi ngakhale kunja kutacha bwino, nsapato zoti zitha kuponda matope, ndi khadi la ku banki, chifukwa malo ambiri salandira ndalama za m'manja.

Chachiwiri: dziwani mitsinje yake

Khalani pansi ndi mapu kwa mphindi zochepa. Mtsinje wa Rhine umachokera ku mapiri a ku Switzerland, umadutsa Germany, ndipo ukangolowa mu Netherlands umagawikana. Nthambi yaikulu, imene imatenga magawo awiri mwa atatu a madzi onse, imatchedwa Waal. Mtsinje wina, Maas, umachokera ku France kudzera ku Belgium. Kwa zaka mazana ambiri mitsinje iwiriyi inkakumana pa Woudrichem penipeni, ndipo kuchokera pamenepo madziwo amatchedwa Merwede.

Aliyense amene anakhalako pamathiriro a mitsinje akudziwa zimene zimachitika iwiri ikadzaza nthawi imodzi: wina umatsekereza unzake, madzi amabwerera m'mbuyo n'kulowa m'midzi. Adatchi atatopa nazo anakumba njira yatsopano yotchedwa Bergsche Maas, natseka njira yakale pafupi ndi mudzi wa Andel. Mfumukazi Wilhelmina inatsegulira ntchitoyi mu 1904. Choncho madzi odekha amene mudzaone kum'mawa kwa tauni ndi Maas wakale, amene tsopano amatchedwa Afgedamde Maas, kutanthauza Maas wotsekedwa.

Pamalo omwewa pamakumananso zigawo zitatu za dzikoli. Woudrichem ili mu Noord-Brabant, Gorinchem tsidya lakumpoto ili mu Zuid-Holland, ndipo linga la Loevestein, limene lili pa nsonga ya mtunda pakati pa mitsinje iwiri ija, lili mu Gelderland. Wolamula nsonga imeneyo ankalamula katundu yense woyenda pamadzi. Nkhondo zambiri za m'derali zinkachokera pamenepo.

Chachitatu: kwerani sitima kudzera ku Dordrecht

Woudrichem ilibe siteshoni ya sitima. Kuchokera ku Schiphol, Delft kapena Rotterdam, kwerani sitima ya ku Dordrecht, ndipo kumeneko sinthani mukwere yaing'ono ya pa njanji ya MerwedeLingelijn, yolowera ku Geldermalsen. Tsikani pa Gorinchem. Polowa ndi potuluka gunditsani khadi lanu pa makina; mukasintha sitima pa Dordrecht gunditsaninso, chifukwa kampani yoyendetsa sitima yaing'onoyo ndi ina. Pulogalamu ya pafoni ya 9292 imakuuzani nthawi ndi pokwerera.

Mukamadikira pa Dordrecht, dzina limenelo musalidutse. Ngati munakulira mu Sinodi ya Nkhoma kapena mu Reformed Church in Zambia, mzindawu ukukukhudzani. Kuno n'kumene kunachitikira sinodi yaikulu ya 1618 mpaka 1619, imene inagamula mkangano wa chiphunzitso cha kusankhidwiratu pakati pa otsatira Arminius ndi otsatira Gomarus, aphunzitsi awiri a zaumulungu. Zimene anagwirizana kumeneko zinapita ku South Africa ndi mpingo wa Dutch Reformed, ndipo amishoni a mpingowo ndi amene anafika ku Mvera mu 1889 ndi ku Magwero mu 1899. Sungani nkhaniyi m'mutu, mudzakumana nayonso masana m'chipinda china cha ndende.

Chachinayi: dutsani Gorinchem, koma musachedwemo

Dzinali limalembedwa Gorinchem koma limatchulidwa Gorkum. Mukafunsa njira ndi katchulidwe ka m'kalembedwe adzakumvani ndithu, koma mukati Gorkum nkhope zawo zimamasuka. Kuchokera pa siteshoni yendani wapansi kulowa m'tauni yakale, mudutse pamsika, muone nsanja ya tchalitchi chachikulu imene inapendekeka chifukwa cha nthaka yofewa, kenako mutsikire ku doko la mtsinje wa Linge. Bwato limaima pamalo otchedwa Buiten de Waterpoort.

Gorinchem payokha ndi ya tsiku lathunthu. Ansembe ndi amonke 19 amene anapachikidwa ku Brielle mu 1572, omwe Akatolika amawakumbukira monga ofera a ku Gorkum, ambiri mwa iwo anagwidwira kuno. Hendrick Hamel, amene chombo chake chinasweka pa chilumba cha Jeju mu 1653 nakhala ku Korea zaka 13, anabadwiranso kuno. Zimenezo muzisungire ulendo wina. Lero onani chinthu chimodzi chokha: potuluka m'linga kupita kudoko, yang'anani m'mbali mwa mpata umene msewu ukudutsapo. Mudzaona mipata yoongoka m'khoma. Mtsinje ukakwera amalowetsamo zotsekera, msewu n'kusanduka khoma. Zimenezi si zakale ayi, amachitabe mpaka pano.

Chachisanu: pabwato khalani panja

Ulendo wake sukwana theka la ola. Musalowe m'kati ngakhale kukuzizira. Merwede ndi wotakata, wa madzi otuwa, ndipo zombo zazitali zonyamula makontena, mchenga, mafuta ndi malasha zimangotsatizana pakati pa Rotterdam ndi Germany. Ndi umodzi mwa misewu ya pamadzi yotanganidwa kwambiri mu Ulaya. M'mbali mwa mtsinje mudzaona mizere ya miyala yolowa m'madzi ngati zala. Amaitcha kribben. Ntchito yake ndi kukankhira madzi pakati kuti njira ya zombo isakwiririke ndi mchenga.

Pakati pa mizere imeneyi pamakhala mchenga wokongola, ndipo kukatentha mudzalakalaka kusambira. Chonde musayerekeze. Ngakhale munakulira ku Nkhotakota ndipo mumadziwa nyanja, madzi awa ndi ena. Kunsonga kwa miyala kuli mizunguli, ndipo chombo chikadutsa madzi amayamba athawa pagombe kenako n'kubwerera mwamphamvu. Anthu amamira m'mitsinje imeneyi chaka ndi chaka. Ana muwagwire padzanja.

Woudrichem imayamba kuonekera kudzanja lamanja: mzere wobiriwira wa linga, chigayo cha mphepo pamwamba pake, ndi nsanja yonenepa yopanda nsonga. Kutsogolo pang'ono, tsidya lina la madzi, makoma ofiirira a Loevestein amasuzumira m'mitengo. Apa m'pamene mungaone zonse zitatu nthawi imodzi, Gorinchem kumbuyo, Woudrichem kumanja, Loevestein kutsogolo. Mzinga wa pa linga lililonse unkathandiza kutseka mtsinje.

Chachisanu ndi chimodzi: zungulirani linga musanalowe m'misewu

Ambiri akatsika amathamangira khofi. Inu kwerani kaye pa linga muzungulire tauni yonse. Apa mpofunika kuchedwa.

Linga limeneli si khoma la miyala. Ndi mtumbira waukulu wa dothi, womera udzu ndi mitengo, wokhala ndi makona osongoka ngati mivi, ndipo kunja kwake kuli ngalande ya madzi. Woudrichem inalandira ufulu wokhala mzinda mu 1356 kuchokera kwa eni dera a banja la Horne, ndipo poyamba inali ndi makoma a njerwa. Mizinga itakula mphamvu, njerwa zinasanduka zopanda pake chifukwa chipolopolo chimaziswa. Dothi lokha limameza chipolopolo. Pa nkhondo ya zaka 80 yolimbana ndi Spain tauniyi inaona zoopsa. Mwini dera, Filips van Montmorency, yemwe amadziwika kuti Horne, anadulidwa mutu ku Brussels mu 1568, ndipo mu 1573 zigawenga za Chidatchi zinatentha tauni kuti Asipanya asapezemo pokhala. Poimanganso m'zaka za m'ma 1580 anatsata mapulani a katswiri wa malinga Adriaen Anthonisz, ndipo anaichepetsa kuti ikhale yosavuta kuteteza. Makona osongokawo anawaika kuti msilikali wa pa kona imodzi aziona tsinde la khoma mpaka pa kona inzake, mdani asapeze pobisala. Imani pa kona imodzi muyese nokha, mudzaona kuti masamu ake anali olondola.

Tsopano yang'anani kunja, kumwera ndi kumadzulo. Minda yathyathyathya imene mukuionayo inali chida cha nkhondo. Woudrichem inali mbali ya chimene Adatchi amati waterlinie, mzere wa madzi. Mdani akamayandikira ankatsegula zipata za madzi n'kumiza minda mwadala, koma mwa muyeso: madzi ofika m'mawondo basi. Akakhala otero, msilikali wapansi saona ngalande ndi maenje, ngolo za mizinga zimatitimira, koma bwato nalonso silingayandame. Malinga ankangolondera malo okwera amene madzi sakanafikako, monga mitsinje ndi misewu ya pamwamba pa madayiki, mitumbira yotchinga madzi. Mu 1672 njira imeneyi inaimitsa asilikali a Louis XIV wa ku France. Kufooka kwake kunaoneka m'nyengo yozizira ya 1794 mpaka 1795, pamene mitsinje inauma gwaa ndi chisanu Afalansa n'kungoyenda pamwamba. Kuyambira 1815 anakonza mzere watsopano wa makilomita 85, kuchokera ku Muiden mpaka ku Biesbosch. Ndege za nkhondo zitabwera mu 1940 zinangouluka pamwamba pa zonsezo. Mu 2021 UNESCO inaika mzerewu pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi.

Chimene chimandigwira mtima ndi mtengo umene alimi ankalipira. Madzi akamizidwa pa munda, mbewu za chaka chimenecho zapita, ndipo wolamula anali kutali ku likulu la boma, Den Haag. Panalinso lamulo la mu 1853 loletsa kumanga pafupi ndi malinga. M'kati mwa mamita 300 ankaloleza nyumba zamatabwa zokha, kuti nkhondo ikayamba azitenthe msanga asilikali aziona patali. Lamuloli linathetsedwa mu 1963. Kwa anthu a nthawiyo linali goli, koma ndi chifukwa chake lero tauni yakale yazunguliridwa ndi udzu ndi madzi, osati nyumba zosanja.

Chigayo chimene mudzachipeze pa linga dzina lake ndi Nooit Gedagt, ndiye kuti "sitinaganizepo". Chakale chinaphulitsidwa ndi asilikali a Germany mu 1945, ndipo anthu a m'tauni anachimanganso m'zaka za m'ma 1990. Mukapeza chikuzungulira ndipo chitseko chili chotsegula, lowani mukwere makwerero. Wogaya amatembenuza denga lonse kuti mapiko ayang'ane kumene mphepo ikuchokera, ndipo mphamvuyo imatsika ndi magiya amatabwa mpaka pa mphero ziwiri zamwala. Phokoso lake ndi lofatsa, nyumba yonse imangonjenjemera pang'onopang'ono.

Chachisanu ndi chiwiri: lowani m'tauni, mufunse za nsomba

Lowerani pa Gevangenpoort, chipata cha kumtsinje chimene chinatsala pa makoma akale aja, ndipo nthawi ina chinali ndende. Kuchokera pamenepo msewu ukutengani pakati pa tauni. Muziyang'ana m'mwamba, chifukwa nyumba zakale zili ndi miyala yozokota pamphumi yosonyeza dzina la nyumba ndi chaka. Kale manambala a nyumba kunalibe. Tchalitchi ndi cha Martinus, ndipo nsanja yake inataya nsonga pa mphepo yamkuntho ya mu 1717. Sanaibwezeretse. Anthu anangoipatsa dzina loti Mosterdpot, kambiya ka mpiru wonyikira, ndipo dzinalo linakhazikika.

Mudzamvanso dzina la Jacoba van Beieren. Mayiyu analowa ufumu wa Holland, Zeeland ndi Hainaut mu 1417 ali ndi zaka 15 zokha bambo ake atamwalira, ndipo mchimwene wa bambo akewo, Jan, anayamba kumulanda. Mu 1419 anakumana mu Woudrichem napangana mtendere umene umatchedwa Zoen van Woudrichem. Mawu oti zoen masiku ano amatanthauza kupsompsona, koma kale ankatanthauza kuyanjana. Panganolo linakomera bambo wamng'onoyo, ndipo silinakhalitse. Amene anaonapo mwana wamasiye akulimbirana chuma ndi abale a bambo ake, nkhaniyi aimva popanda womasulira.

Koma mtima wa tauniyi ndi nsomba. Chizindikiro cha dera la Altena ndi nsomba ziwiri zotchedwa zalm (salmon pa Chingerezi), ndipo mudzaziona pa mbendera ndi pa makoma. Mu 1362 anthu a mu Woudrichem anapatsidwa ufulu wosodza m'mitsinjeyi, ndipo kwa zaka zoposa 500 mabanja ankadalira zalm, steur ndi elft. Zalm imakulira m'nyanja yamchere koma imakwera mtsinje kukaswana, monga mpasa imachokera m'nyanja kukwera Bua. Asodzi ankaidikira panjira ndi makoka ndi maukonde oyandama, ali m'mabwato athyathyathya otchedwa zalmschouw. Maukondewo ankawaphika m'madzi a makungwa kuti asaole. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 nsombazi zinkagwidwa zikwizikwi. Patangopita zaka makumi ochepa zinali zitatha. Zifukwa zake zinaunjikana: kusodza kopyola muyeso, madamu otseka njira kumtunda, kukumba miyala ya m'mitsinje m'mene nsomba zinkaikira mazira, ndi zonyansa za m'mafakitale. Mu 1970 anatsekanso khomo la kunyanja la Haringvliet poteteza anthu ku madzi osefukira. Kuyambira 2018 boma linavomera kuti zipata za kumeneko zizitsegulidwa pang'ono kuti nsomba zizidutsa, koma ntchito ya usodzi wa zalm sinabwerere.

Pitani ku Visserijmuseum, nyumba yosungiramo zakale za usodzi. Ndi yaing'ono, ndipo amene amalandira alendo ndi anthu ongodzipereka, ambiri achikulire. Musangoyang'ana zinthu m'magalasi, afunseni. Chingerezi amachimva. Mukawauza kuti kwanunso kuli nsomba yokwera mtsinje imene ikuchepa, kucheza kumatalika. Pambuyo pake tsikirani ku doko lakale muone mabwato amatabwa ndi achitsulo amene amasungidwa kumeneko. Nkhomaliro idyani ya nsomba: kibbeling, timagawo ta nsomba tokazinga mu ufa, kapena paling, nsomba yonga mkunga yowamba pa utsi.

Chachisanu ndi chitatu: wolokerani ku Loevestein

Kum'mawa kwa tauni kuli kabwato kowolotsa anthu apansi ndi a njinga pa Afgedamde Maas. Ndi ulendo wa mphindi zochepa. Musanatsike, funsani wowolotsa nthawi imene amaweruka. Mukatsika mumayenda m'dambo mpaka pa chipata.

Linga ili analimanga Dirc Loef van Horne cha m'ma 1360, ndipo dzinalo limatanthauza nyumba yamwala ya Loef. Cholinga chinali kukhometsa msonkho zombo zodutsa. Mu Disembala 1570 Herman de Ruyter analowa ndi anzake ochepa atavala ngati amonke nalanda lingalo, koma Asipanya analitenganso patangopita masiku, iye n'kufera momwemo. Pambuyo pake anazunguliza nyumbayo ndi mitumbira ya dothi yonga ya ku Woudrichem, namanga timanyumba ta asilikali ndi nsanja yosungiramo onga. Zonsezo zilipobe.

Tsopano kumbukirani Dordrecht. Mkangano wa chiphunzitso uja sunathere m'tchalitchi, unalowa m'ndale. Kalonga Maurits, mkulu wa asilikali, anali mbali ya Gomarus. Nduna yaikulu ya Holland, Johan van Oldenbarnevelt, inkateteza otsatira Arminius, pamodzi ndi loya wachinyamata wobadwira ku Delft mu 1583, Hugo de Groot, amene ophunzira malamulo amamudziwa kuti Grotius. Munthuyu analowa yunivesite ya Leiden ali ndi zaka 11. Mu 1618 onse awiri anamangidwa. Oldenbarnevelt anadulidwa mutu pa 13 Meyi 1619 ali nkhalamba ya zaka 71, ndipo De Groot anamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse ku Loevestein.

Mkazi wake, Maria van Reigersberch, anapempha kuti akakhale naye m'ndendemo, ndipo analoledwa. De Groot ankaloledwanso kuwerenga, choncho bokosi lalikulu la mabuku linkayenda pa bwato pakati pa Loevestein ndi Gorinchem. Poyamba alonda ankalisecha, koma miyezi itapita anatopa nalo. Maria anaona mpata. Mwamuna wake anayamba kuyeserera kugona m'bokosimo kwa nthawi yaitali osatakataka. Pa 22 Malichi 1621, tsiku la msika waukulu ku Gorinchem, analowa m'bokosi, ndipo asilikali eni ake ndiwo analinyamula kutsika nalo makwerero. Maria anatsala m'chipinda akunamizira kuti mwamuna wake wagona, akudwala. Amene anaperekeza bokosilo pamtsinje anali wantchito wawo, mtsikana wotchedwa Elsje van Houweningen, ndipo ndiye anaonetsetsa kuti lafika kunyumba ya banja la Daetselaer ku Gorinchem. Kumeneko De Groot anavala zovala za mmisiri womanga nyumba, nathawira ku Antwerp, kenako ku Paris, kumene mu 1625 anatulutsa buku la malamulo a nkhondo ndi mtendere limene linakhala maziko a malamulo a pakati pa mayiko. Maria anatsekeredwa kanthawi, kenako anamumasula nakamupeza mwamuna wake.

Mukalowa m'chipindamo, imani pa zenera muone kunenepa kwa khoma ndi madzi ali pansi. Ana onse a sukulu a ku Netherlands amadziwa dzina la mwamunayo. Ine ndimaganiza za akazi awiriwo, wina wotsala m'manja mwa alonda akudziwa kuti bodza liululika dzuwa lisanalowe, wina ali pa bwato pakati pa amuna achilendo akulondera bokosi lopuma. Za bokosilo, nyumba zingapo zosungiramo zakale, kuphatikizapo Rijksmuseum ku Amsterdam ndi Prinsenhof ku Delft, zili ndi mabokosi amene amati ndi lomwelo. Musakangane ndi munthu pa zimenezo. Ndimaganizanso kuti chiphunzitso chimene ambiri a ife tinaloweza m'kalasi ya katekisma chinali ndi anthu amene anagonja pa mkangano wake, ndipo mmodzi wa iwo ankagona m'chipinda chimenechi. Kudziwa zimenezo sikunandichotsere chikhulupiriro, koma kunandiphunzitsa kulankhula mofatsa ndi a mipingo ina.

Chachisanu ndi chinayi: yendani m'dambo la Munnikenland

Musabwerere msanga ku bwato. Dambo lozungulira Loevestein limatchedwa Munnikenland, dziko la amonke, chifukwa amonke ndiwo anayamba kulilima. Kumapeto kwa Januwale 1995 mitsinje inakwera kwambiri moti boma linasamutsa anthu pafupifupi 250,000 m'dera la mitsinje, pamodzi ndi ziweto zawo, poopa kuti madayiki agumuka. Sanagumuke, koma mantha ake anasintha maganizo a dziko. Anaona kuti kumangokweza madayiki kuli ndi malire, nayamba ndondomeko yotchedwa Ruimte voor de Rivier, kupatsa mtsinje malo. Pa malo oposa 30 anabweza madayiki m'mbuyo, anakumba timitsinje ta m'mbali, ndipo minda ina anaibwezera kwa madzi. Munnikenland ndi amodzi mwa malowo. Alimi amene anachoka analipidwa, ngakhale kusiya munda wa makolo sikukhala kophweka kulikonse. Amene mumagwira ntchito za madzi ku Chikwawa ndi Nsanje, yendani pa dayiki yatsopanoyo muone kutalika kwa malo amene anasiyira mtsinje. Ndalama zawo ifeyo tilibe, koma funso lakuti mtsinje tiutsekere pati ndipo tiulekere pati ndi lomwelo.

M'dambomo mumadya mahatchi otuwa a mtundu wa konik ndi ng'ombe zofiira zosaweta. Khalani patali mamita 25, musazipatse chakudya, ndipo musadutse pakati pa mayi ndi mwana wake. Atsekwe amakhala ambirimbiri. Mukaona mtengo wodulidwa mosongoka ngati pensulo, ndi ntchito ya bever, nyama ya m'madzi yodula mitengo ndi mano. Mukatuluka mu udzu dzifufuzeni nkhupakupa m'miyendo, chifukwa za kuno zimafalitsa matenda a Lyme.

Ngati muli ndi tsiku lachiwiri

Gonani ku Woudrichem kapena ku Gorinchem, m'mawa mubwereke njinga. Njira za njinga zili ndi mphambano za manambala zotchedwa knooppunten: mumalemba manambala papepala n'kumatsata zikwangwani. Kumbukirani kuti kuno amayenda kudzanja lamanja. Lowerani kumadzulo kudutsa Sleeuwijk mpaka Werkendam, khomo la Biesbosch. Dera limeneli linali la midzi ndi minda mpaka usiku wa pa 18 Novembala 1421, pamene madayiki anagumuka pa chigumula cha Sint-Elisabeth, madzi n'kumeza dera lonse. Pang'onopang'ono matope anaunjikana, bango ndi mitengo zinamera, ndipo kuyambira 1994 ndi malo otetezedwa a dziko. Ma bever anawabwezeretsamo mu 1988. Mukakhala ndi mwayi mudzaona zeearend, chimbalame cha banja limodzi ndi nkhwazi yathu. Njira yanu idzadutsa Noordwaard, minda imene anaitsegulira madzi pofika 2015 kuti mtsinje ukadzaza utsike ndi masentimita 30 pa Gorinchem. Nyumba za alimi amene anatsala anazimanga pa zulu zadothi, monga ankachitira makolo awo akalekale.

Ngati miyendo yatopa, m'malo mwake wolokerani ku Fort Vuren, tsidya la kumpoto kwa Waal moyang'anana ndi Loevestein. Ndi nsanja yozungulira ya njerwa ya m'zaka za m'ma 1840. M'nyengo yozizira amaitseka chifukwa mileme imagonamo.

Pobwerera

Kabwato ka ku Loevestein kamaweruka msanga kuposa bwato lalikulu, ndipo mukakaphonya njira ya kumtunda yozungulira kudzera ku Andel ndi yaitali kwa munthu wapansi. Choncho yambani mwawoloka kubwerera ku Woudrichem, kenako nthawi yotsalayo mukhale pa linga la kumtsinje podikira bwato la ku Gorinchem. Mukaliphonya limenelo musataye mtima: pali basi yodutsa pa mlatho wa Merwede pa msewu wa A27, ndipo 9292 ikuuzani poikwerera. Fikani padoko kutatsala mphindi khumi, muime poonekera kuti woyendetsa akuoneni.